A Clarrie Akiya Bokosi la Wamatsenga

Mukafunsa munthu aliyense waimvi muno m'tauni ya Bendigo kuti a Clarrie Pascoe ndi ndani, akuuzani kuti ndi aja a maloko, kenaka atsitsa mawu n'kuwonjezera kuti ndi munthu wovuta. Zonse ziwiri n'zoona. Kwa zaka zoposa makumi asanu akhala akutsegulira anthu zitseko zimene eni ake anataya makiyi, ndipo palibe amene anamutsegulira osamunyoza kaye. Ukawaitana ankafika pa kagalimoto kawo koyera ka zida, n'kukuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, n'kufunsa kuti, "Nanga mutuwo, sunautaye limodzi ndi kiyi?" Akatero ankagwada, khethe khethe, chitseko chatseguka, iwe manyazi ali tho.

Sukulu anaisiya ali ndi zaka khumi ndi zisanu, aphunzitsi osawalira ngakhale pang'ono. Ntchito anaiphunzira kwa mkulu wina dzina lake Hocking, amene anali ndi lamulo limodzi lokha, ndi rula yachitsulo yophunzitsira lamulolo: chimene watsegula uchitseke, ukachitseka ukoke kawiri. Ukasiya loko ali kukamwa yasa, rula ija imatera pa zala. Choncho zala za a Clarrie zinaphunzira msanga kuposa mutu wawo, ndipo sizinaiwale. Sangadutse geti la munthu lotsegula osalitseka. Pa ukwati wa mwana wawo anakiyira abusa m'kachipinda kovalira, anthu n'kudikira m'tchalitchi theka la ola, mkwatibwi akulira, woliza limba atabwereza nyimbo imodzi kasanu. Kupepesa sanapepese. Anati m'busa wanzeru amayenda ndi kiyi wake.

Akazi awo, a Merle, anatisiya zaka zinayi zapitazo. A Clarrie anatsala okha m'nyumba yawo yamatabwa ku Golden Square, yokhala ndi shedi kuseri. M'shedi mmenemo ndi mmene muli moyo wawo wonse: maloko olendewera m'misomali khoma lonse, makiyi m'zitini za mabisiketi, makina osemera makiyi, ndi mpando umodzi wokha, kuti mlendo asakhalitse.

Mwana ali naye mmodzi, Raelene. Iyeyu anakwatiwa ndi Gavin, wogulitsa nyumba za eni, uja nkhope yake mumaiona pa zikwangwani m'misewu, mano onse pamtunda ngati wina akumugirigisha. Awiriwa, mpongozi ndi mkamwini, anadana tsiku loyamba lomwe. Gavin akalowa m'nyumba ya apongozi ake maso amakhala kudenga, mapazi akuyeza zipinda. A Clarrie anamupatsa dzina loti bwana Zikwangwani, ndipo amamuitana choncho ngakhale pamaliro.

Tsono mu Novembala a Clarrie anasiya poto wa mazira pa sitovu ya gasi n'kupita ku shedi kukasema kiyi. Anakumbukira atamva mayi woyandikana nawo akukuwa, utsi uli tolo pawindo. Chinapsa ndi poto ndi katani basi, koma Gavin anapeza pogwira. Kuyambira pamenepo nyimbo yake inali imodzi: madala akalamba, apite ku nyumba ya okalamba, nyumba yamatabwayi igulitsidwe isanapse ndi mwini wake yemwe. Chimene chinkawasowetsa tulo a Clarrie n'chakuti nthawi imene a Merle ankadwala, iwo anasaina pepala loti mutu wawo ukadzasokonekera, za nyumba ndi za kokhala adzagamule ndi Raelene. Ndipo Raelene ankangoti, "Tiona." Inde osanena, ayi osanena.

Mu Januwale mdzukulu wawo Tahlia anakwanitsa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo anapempha kuti banja lonse, ndi agogo omwe, lipite ku masewera otsekerana aja ali pamwamba pa sitolo yakale ya nsapato m'tauni. Mumalipira kuti akutsekereni m'chipinda kwa ola limodzi, mudzitulutse nokha pomasulira zinsinsi zimene abisamo. A Clarrie atamva anagwira mutu. "Moyo wanga wonse anthu akhala akundilipira kuti ndiwatulutse. Lero akulipira kuti awatsekere? Dziko lapenga." Koma kwa Tahlia sakana kanthu.

Anadzawatenga Loweruka masana, dzuwa likuwotcha moti phula linkamata ku nsapato. A Clarrie anakhala kumbuyo ndi mdzukulu wawo, amene anali atavala chipewa chosongoka ndi mkanjo wakuda wa nyenyezi.

"Agogo," anatero mwanayo, "lero mulimbikire, mwamva?"

"Ndilimbikire chiyani?"

"Adadi akuti lero amami aona okha ngati mutu wanu ukugwirabe ntchito. Akuti mukabalalika mupita ku nyumba ya agogo ambirimbiri ija, yonunkha supu."

Makutu a Gavin anafiira ngati nyama yosapsa.

"Tahlia, pakamwa pako!" anatero Raelene.

"Musiye mwana. Ndi yekhayu m'galimoto muno amene amanena zoona," anatero a Clarrie. "Ndiye ndi mayeso eti, bwana Zikwangwani?"

"Ndi masewera a ana, madala. Ngati mwana angathe, inu mukuopa chiyani?"

"Ndikuopa kayendetsedwe kako. Maloboti tadutsawa anali ofiira."

Pakamwa panali polimba choncho, koma anayang'ana kumbuyo kwa mutu wa Raelene, tsitsi lomangidwa bwino ndi maphini ngati la mayi ake, ndipo anaona kuti mwanayo sanatsutse zimene Tahlia ananena.

Mwini malowo anawalandira pamwamba pa masitepe atavala mkanjo wofiirira ndi ndevu za thonje zofika pamimba. Atangotsegula pakamwa, a Clarrie anamuzindikira. Anali Noeleen Tonkin, amene kale ankagulitsa nsapato pansi pomwepo.

"Noeleen, ndevuzo zikukukhala kuposa mmene zinkamukhalira mwamuna wako."

"Takulandirani m'nyumba ya wamatsenga wamkulu," anatero Noeleen ndi mawu okulitsa, ngati sanamve. Anawerenga malamulo: mafoni m'kabati, osathyola kanthu, osakwera pamipando. Atatha anatambasula dzanja, mawu ake enieni atabwerera. "Inu a Pascoe, m'thumba."

"Muli mpango."

"Thumba linalo."

Anatulutsa kachikwama kawo kachikopa ka mawaya otsegulira maloko, nkhope ili ngati akupereka mwana kuchipatala.

"Ndi za m'sokosi zomwe. Ndimakudziwani ine." A Clarrie anawerama, n'kutulutsa timawaya tiwiri tina, Noeleen n'kupitiriza. "Muno maloko amatsegulidwa ndi nzeru, osati mawaya. Mukangoyerekeza, masewera atha."

"Ndi nzeru? Ndiye tawavutitsiranji kubwera nawo?" anatero Gavin, akuseka yekha.

Noeleen anawalowetsa. M'chipindamo munali mdima wadala, nyali zake zophethiraphethira ngati zikudwala. Munali chimphika chakuda pakati, mabotolo a madzi amitundumitundu pa alumali, mabuku akale, ndi chibokosi chachikulu chamatabwa chokiya ndi loko wamkuwa. Pakona panali kadzidzi wapulasitiki. Diso lake limodzi linali kamera, ndipo Noeleen ankalankhulira pakamwa pake ali kunja. Nkhani yake inali yoti wamatsenga wapita kukasaka zitsamba, abwera pakatha ola, ndipo aliyense amene amupeze m'chipinda chake amusandutsa chule. Chitseko chinatsekedwa, wotchi yapakhoma n'kuyamba kuwerenga chobwerera.

Tahlia anali kale paliponse, kusuzumira mumphika, kugwedeza mabotolo. Gavin anapeza pepala lachikasu pansi pa buku, ndipo m'malo moliwerenga analipereka kwa apongozi ake.

"Tatiwerengereni, madala. Mokweza."

Zilembo zake zinali zopindikapindika ngati nyongolotsi, ndipo a Clarrie, ngakhale masana dzuwa lili phwee, amawerenga ndi chala. Analiyandikitsa pamphuno, analitalikitsa, anayamba liwu loyamba n'kukakamira pa lachiwiri.

"Tikudikira," anatero Gavin. "Kapena tiitanitse tiyi?"

"Analemba izi anali ataledzera."

"Wolemba ali bwinobwino. Raelene, ukuona?"

"Gavin, basi," anatero Raelene, koma kuona anaona.

Tahlia anatsomphola pepalalo, n'kuliwerenga ngati akumwa madzi. Linkanena za mitundu ya mabotolo, wofiira poyamba, wobiriwira pambuyo, ndipo pansi pa botolo lililonse panali nambala. Mwana ndi mayi ake anasanja manambalawo n'kutsegulira kabokosi kakang'ono ka loko wa manambala. A Clarrie anamuyang'ana loko uja n'kutsonya.

"Zinyalala. Ameneyu ndingamutsegule nditatsinzina, dzanja limodzi lili m'thumba."

"Manja kumbuyo, a Pascoe!" anatero kadzidzi.

M'kabokosimo munali ndodo yamatsenga. Tahlia anaigunditsa pa nyenyezi yojambulidwa kukhoma, kabati ina n'kudzitsegukira yokha, phwa! Mwanayo anadumpha ndi chimwemwe.

"Ndi maginito amenewo," anatero a Clarrie. "Ina ili kunsonga kwa ndodoko, ina kuseri kwa khoma."

"Agogo! Mukuwononga!"

"Ndangonena mmene zilili."

"Adadi, ngati simuthandiza, ingokhalani chete," anatero Raelene.

"Chete yemweyo ndi thandizo lalikulu," anawonjezera Gavin.

Ndiye a Clarrie anakaima pambali pa chibokosi chachikulu chija, manja kumbuyo monga analamula kadzidzi, mtima ukuwira. M'kabati yotseguka yokha ija munali kiyi wamkuwa. Gavin anamutenga, n'kubwera naye akumuzunguza pachala.

"Tapenyani, madala, muphunzireko. Anthu enafe maloko timatsegula chonchi, ndi kiyi."

Anatsegula, n'kutukula chivundikiro. Kiyi uja anamuponya mkati momwemo pansalu yofiira, loko n'kumukoleka pa kachitsulo kake ali chitsegukire. Anatulutsamo pepala lalitali lokulungidwa, ndipo atatuwo anathamangira nalo ku nyali ya kumapeto kwa chipinda kukaliwerenga, misana atalozetsa kwa agogo.

Apa ndiye mumvetsere. A Clarrie anali chiimire pamenepo, koma maganizo anali kwa mnzawo Athol, amene analowa ku nyumba ya okalamba ija akuyenda yekha ndi kutukwana bwinobwino, patatha miyezi itatu n'kumamudyetsa ndi sipuni, atamumanga kansalu pakhosi. Ankaganiza za shedi yawo, kuti Gavin adzaitanitsa chigalimoto cha zinyalala n'kukokoleramo maloko onse aja tsiku limodzi. Mutu uli kumeneko, manja anaona bokosi lili yasa ndi loko ali lende. Anachoka okha kumbuyo kuja. Anatsitsa chivundikiro mwaulemu, osachita phokoso, analowetsa loko, khethe, anakoka kamodzi, anakoka kawiri, n'kubwerera kumbuyo. Mwini manja sanaone kanthu.

Pepala lija linawatengera nthawi. Linali la zithunzi za mwezi ndi achule, ndipo Gavin analimasulira molakwika kawiri, mwana wake n'kumukonza. Pomaliza Tahlia anakuwa, "Kiyi wa chitseko ali pansi pa nsalu yofiira! M'bokosi muja!" Anathamanga, n'kuima njo.

"Lakiyidwa."

"Lakiyidwa bwanji? Ndalitsegula ine," anatero Gavin. Anagwedeza loko. "Kiyi wake ali kuti?"

"Munamuponya mkati, adadi."

Onse atatu anatembenuka pamodzi.

"Mukundiyang'ana chiyani?" anatero a Clarrie.

"Mwakiya ndinu," anatero Gavin.

"Ine? Manja anga ali kumbuyo chilowereni muno! Funsa mbalame yakoyo."

"Madala, munaima apa ndinu nokha. Bokosi lilibe manja."

"Wakiya wekha ndi changu chakocho, ndiye ukufuna kundipaka ine. Ndimakudziwa iwe. Unagulitsapo nyumba yopanda chimbudzi n'kumati ndi yamakono."

"Adadi," anatero Raelene mofatsa, "mwina mwangoligwira osadziwa."

"Osadziwa? Ndalumbira pa manda a mayi ako, sindinaligwire bokosi limeneli!"

Kadzidzi anatsokomola. "Pepani a Pascoe, ndinu. Ndakuonani. Mwakoka kawiri."

Gavin sanaseke. Akanaseka bwenzi zili bwino. Anangoyandikira kwa mkazi wake n'kunena motsitsa, koma mokwanira kuti apongozi amve, "Waona wekha. Lero ndi bokosi. Mawa adzikiyira m'nyumba moto ukuyaka."

Raelene anali kuyang'ana bambo ake ndi maso amene a Clarrie anawaonapo kamodzi kokha, tsiku limene dokotala ananena za matenda a a Merle.

"Ndibwere ndi kiyi wina," anatero kadzidzi. "Koma ndikatsegula chitseko ine, ndiye kuti mwalephera. Malamulo ndi amenewo."

Wotchi inkati kwatsala mphindi khumi ndi imodzi. Tahlia anavula chipewa chake n'kukhala pansi, misozi ili chuchuchu. "Anzanga onse anatuluka okha. Ine ndekha ndikhala chule. Pa tsiku langa!"

"Thokoza agogo ako," anatero Gavin.

A Clarrie anamuyang'ana mkamwini wawo nthawi yaitali, kenaka anayang'ana loko. Anavula chipewa chawo, anayenda mpaka pakona, n'kumuveka kadzidzi kumaso.

"A Pascoe! Chotsani chimenecho!"

"Gona, mbalame iwe, kunja kukadali masana." Anatambasula dzanja kwa mwana wawo. "Raelene, maphini awiri."

"Usawapatse," anatero Gavin. "Ndi zoletsedwa. Ndiponso atithyolera za eni."

Raelene anayang'ana mwana wake pansi paja. Anakweza manja, anazula maphini awiri, tsitsi n'kugwera m'mapewa.

Abale, munthu akhoza kukhala wovuta, wamwano, wosatha kuwerenga pepala la ana, koma mukanaona zala zimenezo! Anagwada, mawondo akulira ngati chitseko chakale. Phini imodzi anaipinda ndi mano n'kuilowetsa m'munsi mwa bowo la kiyi kuti izikankha pang'ono. Inayo anaiwongola n'kuyamba kufufuza nayo timano ta mkati, kamodzikamodzi, maso atatsinzina, mutu atapendeketsa ngati akumvetsera nkhani ya m'chipinda cha eni. Kunjenjemera kumene kumawatayitsa tiyi m'mawa kunalibe.

"Mphindi zikutha, madala."

"Tseka pakamwa, ukundisokosera loko."

Tahlia anali atasiya kulira, akuwerenga chamumtima. Akuti sanafike makumi anayi. Khethe! Loko yasa.

"Agogo!"

"Tenga kiyi wako, mayi. Ndipo iwe bwana Zikwangwani, kiyi saponya m'bokosi limene watsegula. Ngakhale galu amadziwa."

Mwana anafukula nsalu yofiira, anapeza chikiyi chachikulu chachitsulo, anathamangira kuchitseko, ndipo anatuluka kutatsala mphindi zisanu ndi zitatu. Panja anapeza Noeleen ndevu zili m'manja, nkhope ili gwa.

"Dzina lanu pa bolodi la opambana sindilemba. Mwabera."

"Lemba la mwana. Zinsinsi zako zonse wamasula yekha. Ine ndangokonza chimene chinawonongeka."

"Chimene munawononga inu."

"Sindinawononge kanthu ine!"

Anakangana mpaka Noeleen analemba dzina la Tahlia, mwina pofuna kuti achoke. Mwanayo anapita kukajambulitsa atanyamula ndodo yamatsenga, ndipo nkhani ikanathera pomwepo. Koma Gavin ndi Gavin.

"Mayi, kamera yanu ija imasunga zithunzi? Tationetseni pamene bokosi linakiyidwa. Madala akuti si iwo."

"Onetsa!" anatero a Clarrie. "Onetsa, aone bodza lake."

Noeleen anazengereza, koma anabweza zithunzizo pa kompyuta yake. Ndipo a Clarrie anaona nkhalamba ina yowerama msana, ya chipewa ngati chawo, itaima pambali pa bokosi, kukamwa kuli pang'ono yasa, maso akuyang'ana khoma lopanda kanthu. Anaona manja a nkhalambayo akutsitsa chivundikiro, akukiya, akukoka kawiri. Nkhope yake sinasinthe ngakhale pang'ono, ngati manjawo ndi a munthu wina. Anafufuza m'mutu mwawo kuti mwina apezamo kachidutswa ka zimenezi. Munalibe.

"Tibwereze?" anafunsa Gavin.

"Zimitsani," anatero Raelene.

Pobwerera Tahlia ankafotokozera chipewa chake mmene agogo anagonjetsera wamatsenga. Atafika ku Golden Square, a Clarrie akutsika, Gavin anatsitsa galasi.

"Lolemba ndibwera ndi wojambula, angojambula zipinda. Si kuti tagulitsa kale ayi. Kungokonzekera."

A Clarrie anayang'ana Raelene. Raelene anayang'ana m'manja mwake.

Lamulungu lonse anthu oyandikana nawo ankamva makina akulira m'shedi. A Clarrie anachotsa maloko onse a nyumba, la kumaso, la kuseri, la shedi, ngakhale la kabokosi ka makalata, n'kuikamo ena amene anawasunga zaka zambiri podikira chitseko chowayenera. Lolemba m'mawa Gavin anafika ndi wojambula wake, atatenga kiyi amene Raelene ankasunga. Anamulowetsa, osalowa. Anamutembenuza, osalowa. Anagogoda.

"Kulibe anthu!" anatero mawu mkati.

"Madala, tsegulani. Musachite zachibwana."

"Tsegula ndi nzeru, osati mawaya."

Gavin anaimbira amisiri a maloko awiri a m'tauni muno. Onse awiri anaphunzira ntchito m'shedi yomweyo, ndipo zala zawo zikukumbukirabe. Woyamba atamva nambala ya nyumba anati ali ndi chimfine. Wachiwiri anafunsa ngati mwini nyumba ali mkati, ndipo atamva kuti inde, anaseka mpaka kutsamwa, n'kudula foni. Wojambula anajambula geti n'kumapita.

Raelene anabwera yekha Lachitatu, ataweruka kuntchito. Anagogoda kamodzi, n'kukhala pa sitepe, msana atatsamira chitseko.

"Adadi, ndikudziwa muli pamenepo. Ndikumva mukupuma."

"Wabwera ndi Zikwangwani?"

"Ndili ndekha."

"Ndiye lankhula. Chitseko n'chopyapyala."

"Mukagwa mkatimo, ndidzalowa bwanji?"

"Udzagogoda."

"Mukafa?"

"Udzamva fungo."

"Adadi!"

"Nanga ndinene chiyani? Munanditengera ku mayeso ngati mwana wa sukulu, pamaso pa mdzukulu wanga. Mwamuna wako akuyeza nyumba yanga ine ndili moyo, iwe uli duu ngati chithunzi. Mayi ako akanamuthira madzi a mbale."

"Amami akanakukalipirani inu poyamba, chifukwa cha poto uja."

Galimoto zinadutsa ziwiri. Raelene anaganiza kuti bambo ake achokapo, koma anamva akukhala pansi mbali inayo, pang'onopang'ono, ndi kubuula.

"Bokosi lija," anatero a Clarrie, mawu atatsika. "Ndinakiya ndine, eti?"

"Ndinu, adadi."

"Sindikukumbuka. Mpaka pano."

"Ndikudziwa. N'chimene chikundiopsa. Za maphini zija sizinandidabwitse, ndakula ndikuziona. Koma munalumbira pa manda a amami, ndipo simunali kunama."

"Ndiye wagamula? Ndikadye supu ndi Athol?"

Raelene anapukuta m'maso ndi dzanja la malaya. "Nyumba sindigulitsa chaka chino. Koma sitovu ya gasi ichoka, ndibweretsa yamagetsi yozima yokha. Kwa dokotala tipita limodzi, ndipo mukamutukwana tibwererakonso. Kagalimoto kaja musiya kuyendetsa."

"Galimoto yanga? Wapenga? Ndiziyenda bwanji?"

"Ndi miyendo. Basi imaima pakona apo."

"Ulibe chisoni iwe. Watengera mayi ako."

"Galimoto kapena nyumba, adadi. Sankhani."

Anatukwana. Anatukwana basi, anatukwana dokotala amene sanamuonebe, anatukwana sitovu zamagetsi ndi amene anazipanga. Raelene anangodikira, poti amawadziwa. Atatopa anafunsa, "Shedi?"

"Shedi ndi yanu."

"Zaka ziwiri."

"Chimodzi. Chikatha tikhalanso pansi."

"Ndipo uja asapondenso pakhomo pano. Ngakhale pa udzu."

"Ndi mwamuna wanga, adadi."

"Si mlandu wanga umenewo. Ndinayesetsa, ndinakiyira m'busa."

Raelene anaseka osafuna, mphuno ikutuluka mamina. Kenaka anamva kachitsulo kakukhwekhwereza pansi. Kiyi watsopano, wonyezimira, anatulukira pansi pa chitseko n'kumugunda pa chidendene.

"Mmodzi yekhayo," anatero a Clarrie. "Ukamupatsa Zikwangwani kuti akasemetse wina, palibe makina mu Bendigo muno amene angamuseme, ndipo ine ndidzamva. Tsegula wekha, mawondo akana kudzuka."

Kagalimoto koyera kanagulidwa ndi munthu wa mapaipi wa ku Eaglehawk. A Clarrie masiku ano amakwera basi, ndipo madalaivala onse akuwadziwa kale, osati chifukwa cha ulemu. Lamulungu masana Raelene ndi Tahlia amabwera ndi mapayi a nyama, n'kukhala nawo m'khitchini maola awiri. Gavin amawaperekeza, poti Raelene sakonda kuyendetsa, koma amatsala m'galimoto kunja kwa mpanda, injini ikulira kuti azizizidwa. Kutentha kukafika poipa, a Clarrie amatuma Tahlia kuti akamupatse madzi, m'kapu imene amamwetsera galu wa oyandikana nawo.